Mzikiti wa pa Brick Lane: nyumba yomwe yamva mapemphero a m'Chifalansa, Chiheberi ndi Chiarabu

Mwana wa ku Mangochi mukampatsa pensulo n'kumuuza kuti ajambule mzikiti, sachedwa: denga lobulungira ngati mphika wovundikira, nsanja yaitali pambali, kamwezi pamwamba. Mwana yemweyo atafika pa mphambano ya misewu ya Brick Lane ndi Fournier Street, kum'mawa kwa mzinda wa London, akhoza kuudutsa mzikiti wa pamenepo osauzindikira, pokhapokha atakweza maso n'kuona chipilala chachitsulo chomwe chinaimikidwa pambali pake mu 2009. Nyumba yeniyeniyo ndi ya njerwa zodera ndi utsi, ya ngodya zinayi, ya mawindo aatali okhota kumutu. Imaoneka ngati tchalitchi chifukwa inamangidwadi ngati tchalitchi, mu 1743. Mu 1898 inasanduka sunagoge wa Ayuda. Mu 1976 inakhala mzikiti, ndipo lero mumatha kulowa anthu pafupifupi 3,000 nthawi imodzi, ambiri mwa iwo ochokera ku Bangladesh pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo.

Otsogolera alendo odzaona malo amakonda kuima pa ngodya imeneyi n'kumafotokoza kuti nayi mboni ya kulolerana kwa zipembedzo. Ine ndimaona kuti nkhaniyo amaidulira pakati. Magulu amenewa sanakhale pansi n'kugawana nyumbayi mwachikondi. Gulu lililonse linaitenga pamene linzake linali litapeza bwino n'kusamukira kwina, ndipo linaitenga chifukwa ilo ndilo linali lofika kumene, losauka, losowa pomanga. Kuti timvetse chifukwa chake mzikitiwu uli ndi maonekedwe amenewa, tiyenera kuyamba ndi anthu amene sanali Asilamu n'komwe.

Oyamba anali Afalansa otchedwa Huguenot, Akhristu otsatira chiphunzitso cha John Calvin m'dziko limene mfumu yake inali ya Katolika. Kuchokera mu 1598 lamulo la ku Nantes linkawalola kupembedza, koma mu 1685 mfumu Louis XIV inalifafaniza. Matchalitchi awo anagwetsedwa, abusa anapatsidwa masiku 15 kuti atuluke m'dziko, ndipo anthu wamba analetsedwa kuchoka. Anathawabe, ena obisala m'ngolo, ena m'mabwato usiku. Onse pamodzi anali pafupifupi 200,000, ndipo pakati pa 40,000 ndi 50,000 anakocheza ku England. Liwu lachingerezi lakuti refugee, lotchulira munthu wothawa kwawo, linabwera ndi anthu amenewa. Kagulu kena kanakafika ku Cape, ku South Africa, mu 1688 n'kulowa mu mpingo wa Dutch Reformed, womwe patapita zaka 200 unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889. Choncho Mkhristu wa Sinodi ya Nkhoma ali pa ubale wapatali ndi anthu amene anamanga makoma omwe tikunenawa.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Afalansawa anabwera ndi luso lowomba nsalu za silika, ndipo anakhazikika ku Spitalfields, dera momwe muli nyumbayi, kunja kwa malire a mzinda wakale wa London, kumene mabungwe a amisiri a m'mzindawo analibe mphamvu zowaletsa kugwira ntchito. Mukayenda mu Fournier Street lero n'kuyang'ana pamwamba pa nyumba, muona mawindo ataliatali oyalana pansi pa denga. Kumeneko ndiko kunkakhala owomba nsalu, kufunafuna kuwala kwa dzuwa. Kumapeto ena a msewu womwewo kuli tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chamiyala yoyera ndi nsanja yofika kumitambo, chomwe anamanga Nicholas Hawksmoor n'kuchipatula mu 1729. Boma linachimanga kuti obwerawo aone mpingo weniweni wa dzikolo. Yankho la Afalansa, patapita zaka 14, linali nyumba ya njerwa wamba yomwe anaitcha La Neuve Église, kutanthauza Tchalitchi Chatsopano, ndipo akuti mapulani ake anajambula ndi Thomas Stibbs.

Kuphweka kwa nyumbayi ndiko kwaipulumutsa, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Otsatira Calvin sankafuna zifanizo m'nyumba yopemphereramo. Sankafuna guwa lokongoletsedwa kapena magalasi ojambulidwa oyera mtima. Chomwe ankafuna ndi chipinda chimodzi chachikulu, chowala, chopanda zotchinga, momwe aliyense angamve mawu a mlaliki. Ndiye anamanga chibokosi cha njerwa, mawindo m'mizere iwiri, gome la mlaliki poonekera, ndi makonde amatabwa m'mwamba mozungulira makoma kuti anthu ochuluka akwanemo. Palibe nsanja ya belu, ndipo nyumbayo sinayalidwe ngati mtanda monga amachitira matchalitchi ambiri akale. Ganizirani tsopano zimene Myuda amafuna m'sunagoge ndi zimene Msilamu amafuna mu mzikiti: chipinda chachikulu, chopanda chifanizo cha munthu kapena nyama, momwe mawu owerengedwa amveke. Afalansa aja, osadziwa, anamangira onse atatu. Tchalitchi cha Hawksmoor sichikanatheka kusandutsidwa chotero popanda kuchiphwasula.

Chokongoletsa chimodzi chokha chili kunja, ndipo chikadalipo. Ku khoma loyang'ana Fournier Street, pamwamba penipeni m'kati mwa chipumi cha ngodya zitatu, pali wotchi ya dzuwa: mwala wolembedwa manambala ndi kandodo kachitsulo koponya mthunzi. Pamenepo panalembedwa chaka cha 1743 ndi mawu awiri a Chilatini, Umbra sumus, ndiye kuti "ndife mthunzi". Kwathu timati mlendo ndi mame. Olemba mawuwo ankanena za kufupika kwa moyo wa munthu, koma anadzinenera okha, chifukwa mibadwo iwiri kapena itatu itadutsa ana awo anali atasiya Chifalansa, atakwatirana ndi Angelezi, ena atasintha ndi maina omwe. Mipando inayamba kukhala yopanda anthu. Mu 1809 nyumbayo inabwerekedwa ndi bungwe lofuna kutembenuza Ayuda kuti akhale Akhristu, koma ntchitoyo sinapite patali pamenepo, ndipo mu 1819 analowamo a Methodist.

Ayuda anadzabwera mwaunyinji pambuyo pa 1881, pamene mfumu Alexander II ya ku Russia inaphedwa ndipo ziwawa zolimbana ndi Ayuda zinabuka m'midzi ndi m'matauni a ufumuwo. Pofika 1914 oposa 100,000 anali atakhazikika ku Britain, ambiri m'misewu yomweyi, pafupi ndi madoko omwe anatsikira. Ntchito yawo inali utelala. Zipinda zomwe munkalira zowombera silika munayamba kulira makina osokera. Amene anatenga nyumba yathuyi anali gulu lotchedwa Machzike Hadath, anthu ogwiritsitsa malamulo a chipembedzo, omwe anasemphana ndi akuluakulu a Ayuda okhazikika kale ku England pa nkhani ya kazingidwe ka nyama. Msilamu amene amafunsa kawiri asanagule nyama pa butchala, kuti wazinga ndani ndipo wazinga bwanji, nkhawa imeneyi akuidziwa. Obwera kumenewo ankaona kuti anzawo otsogola aja alekerera. Sunagogeyo anatchedwa Spitalfields Great Synagogue, pambali pake panali sukulu yophunzitsa ana Chiheberi ndi Tora, ndipo kuyambira 1916 mpaka 1919 rabi wake anali Abraham Isaac Kook, yemwe pambuyo pake anakhala rabi wamkulu ku Palestine. Kenaka mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaphwanya East End, chigawo chakum'mawa kwa London chimenechi, ana a matelala anaphunzira n'kupeza ntchito zabwino, ndipo mabanja anasamukira kumpoto kwa London. Machzike Hadath inawatsatira ku Golders Green, komwe ikupempherabe mpaka pano.

Tsopano tifike kwa eni ake a lero. Kwathu tikanangowatcha amwenye, koma iwo ndi Abengali, ndipo ochuluka kwambiri amachokera m'chigawo chimodzi, Sylhet, kumpoto chakum'mawa kwa Bangladesh, dziko la minda ya mpunga ndi tiyi. Chodabwitsa n'chakuti Sylhet ili kutali ndi nyanja, komabe amuna ake ndiwo anadzaza sitima zapamadzi za Angelezi. Ankatsikira ku Calcutta kukalembedwa ntchito, ndipo ambiri ankapatsidwa ya pansi penipeni pa sitima, yosonkhezera malasha m'ng'anjo, potentha pomwe ena ankakomoka. Malipiro awo anali kachigawo chabe ka malipiro a mzungu wogwira ntchito yomweyo. Sitima ikakocheza ku London ena ankazemba osabwereranso, n'kukapeza wakumudzi yemwe anazemba kale. Mmodzi ankaitana mphwake, mphwakeyo n'kuitana mlamu wake, monga momwe mudzi wina wa ku Mzimba kapena ku Mangochi umapezekera kuti anyamata ake onse ali dera limodzi la ku Joni. Lamulo la 1962 litayamba kuchepetsa olowa m'dziko kuchokera ku maiko a Commonwealth, komanso nkhondo ya ufulu wa Bangladesh itabuka mu 1971, amuna aja anasiya zoti adzabwerera chaka chamawa. Anaitanitsa akazi ndi ana.

Kubwera kwa mabanja ndiko kunabala mzikiti. Mbeta zachimuna khumi zogona chipinda chimodzi zikhoza kuyala mkeka pansi n'kuswali momwemo. Koma pakabwera ana pamafunika madrasa. Pakagwa maliro pamafunika posambitsira mtembo ndi poswalira janaza. Pamafunika shehe womangitsa nikaha, ndi malo oti Lachisanu anthu mazana aime phewa ndi phewa. Abengaliwa ankasoka zovala ndi majekete achikopa m'tizipinda ta matelala achiyuda, ena ankatsuka mbale m'malesitilanti, ndipo ambiri analibe nyumba zovomerezeka moti ankathyola zitseko za nyumba zosiyidwa za khonsolo n'kukhalamo. Anthu otero sakanagula malo ndi kuitana wojambula mapulani. Koma mutu umodzi susenza denga: anasonkha, n'kugula sunagoge yemwe anali atatsekedwa, ndipo mu 1976 anamutsegula ndi dzina lakuti London Jamme Masjid. Liwu lakuti jamme likutanthauza mzikiti waukulu woswaliramo Ijuma, kusiyana ndi kachipinda koswaliramo tsiku ndi tsiku.

Kodi chofunika n'chiyani kuti nyumba ikhale mzikiti? Denga lobulungira lija si lamulo, nsanja si lamulo. Mzikiti woyamba wa Mtumiki Muhammad ku Madina unali bwalo la mpanda wa zidina, mbali ina yofoleredwa ndi makwawu a kanjedza. Zosasiyika ndi zinayi: kibla, ndiye kuti mbali yoyang'ana ku Kaaba ku Makka, madzi opangira udhu (kudziyeretsa munthu asanaswali), pansi poyera pogwetsapo chipumi, ndi danga loti anthu aime m'mizere yowongoka. Zinayi zimenezi ndizo zinasintha m'kati mwa nyumbayi. Mabenchi anatulutsidwa, chifukwa Msilamu poswali amaima, amawerama, amagwada, n'kugunditsa mphumi pansi. Panayalidwa makapeti. Pakhomo panaikidwa mashelefu a nsapato, ndipo panakonzedwa mipopi m'mizere, ndi timipando tokhalapo posambitsa mapazi.

Kibla ndiyo inavuta. Woswali ku Zomba kapena ku Salima amayang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ku London Makka ali kum'mawa chakumwera, pa madigiri pafupifupi 119 kuchokera kumpoto. Ayuda aja ankayang'ana ku Yerusalemu, komwe ukakhala ku London kuli pafupifupi mbali yomweyo, koma iwo khoma lakum'mawa linkawakwanira. Msilamu amafuna mzere weniweniwo. Omanga nyumbayi analondola misewu ya Spitalfields poyala maziko, sanalondole Makka. Zotsatira zake mukalowa mumaona kuti mizere ya oswali yapingasa chipindacho, siikutsata makoma, ndipo mihirabu, kamphako kosonyeza kibla komwe imamu amaima, ili chakungodya. Maso amayamba akana, ngati pali cholakwika. Koma anthu akaimirira onse pamodzi pa mawu a ikama, olengeza kuti swala ikuyamba, zala za mapazi zitalunjika pa mzere umodzi, makoma aja ndiwo amaoneka opotoka.

Cha m'ma 1986 oyang'anira mzikiti anakonzanso m'kati monse. Makonde amatabwa a m'mwamba, omwe anakhalapo Afalansa kenaka amayi achiyuda, anachotsedwa, ndipo anaikamo nsanjika yatsopano kuti oswali achuluke. Okonda nyumba zakale anadandaula kwambiri, ndipo sindikuwaseka: matabwa amene anakhala zaka zoposa 240 sangabwererenso. Koma ndimamvanso mbali ya anthu amene ankaswali pa msewu mvula ikugwa chifukwa m'kati munadzaza. Nyumba yopemphereramo imene ikusungidwa bwino koma mulibe wopemphera yasanduka nyumba ya chionetsero. Kunja kokha ndiko sikunakhudzidwe, pakuti nyumbayi ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, pa mlingo wa Grade II*, ndipo mwini wake sangasinthe zenera kapena chitseko popanda chilolezo.

Wotchi ya dzuwa ija ndiye inapeza eni ake oyenera. Nthawi za swala zimawerengedwa ndi dzuwa ndi mthunzi. Zuhuri imalowa dzuwa likangopendeka kuchoka paliwombo. Asiri imalowa mthunzi wa chinthu ukatalika kufanana ndi chinthucho, kuwonjezera pa mthunzi womwe unalipo dzuwa lili paliwombo, malinga ndi chiphunzitso cha Shafi'i chomwe Asilamu ambiri a kwathu amatsata, kapena ukatalika kawiri, malinga ndi chiphunzitso cha Hanafi chomwe Abengali amatsata. N'chifukwa chake Myao wofika ku Brick Lane amadabwa kuti Asiri ikuchedwa. Ndipo dzuwa la kumeneko silili ngati lathu lomwe limatuluka ndi kulowa nthawi yofananafanana chaka chonse. Mu December limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, moti Zuhuri, Asiri ndi Magharibi zimathithikana m'maola ochepa. Mu June limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo Ramadhani ikagwera nyengo imeneyo anthu amamanga maola oposa 18.

Mzikiti utangotha zaka ziwiri, dera lonse linagwedezeka. Masiku amenewo a chipani cha National Front, chodana ndi anthu obwera, ankagulitsa nyuzipepala zawo Lamlungu lililonse kumapeto a kumpoto a Brick Lane, ndipo magulu a anyamata ankaswa mawindo ndi kumenya Abengali m'misewu. Pa 4 May 1978, tsiku la chisankho cha makhansala, Altab Ali, mnyamata wosoka zovala, akuweruka ku ntchito anabayidwa ndi achinyamata atatu pafupi ndi bwalo la tchalitchi chakale cha St Mary ku Whitechapel, n'kumwalira. Patapita masiku khumi anthu pafupifupi 7,000 anayenda pambuyo pa bokosi lake, mvula ili pamutu, mpaka ku Downing Street, komwe kumakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Kuchokera pamenepo achinyamata achibengali anayamba kulondera okha misewu yawo ndi kulowa ndale za khonsolo. Bwalo lija linatchedwa Altab Ali Park mu 1998. Chaka chotsatira, pa 24 April 1999, munthu wina wodana ndi obwera anatchera bomba la misomali mu Hanbury Street, pafupi ndi Brick Lane, tsikulo lili Loweruka. Anaganiza kuti msika waukulu umakhala Loweruka pamene umakhala Lamlungu, ndipo wodutsa wina anatola chikwamacho n'kuchiika m'buti ya galimoto chisanaphulike. Anthu anavulala koma palibe anafa. Ndikamva mawu akuti "kulolerana" pa ngodya ija, ndimakumbukira masiku awiri amenewa.

Ndi pamenepa pamene nsanja imamveka tanthauzo lake. Kwa zaka zoposa 30 mzikitiwu unalibe chizindikiro chooneka patali. Pamtunda wa mphindi khumi, pa Whitechapel Road, East London Mosque inatsegulidwa mu 1985 ili ndi zonse zimene mwana wa ku Mangochi uja akanajambula, ndiponso chilolezo choitanira azana pa zokuzira mawu. Ya pa Brick Lane inakhalabe chete m'chovala cha eni ake akale. Mu 2009 anaimika nsanja yotalika mamita 29, ndipo poti lamulo silikanalola kuimata pa khoma la 1743, inaima payokha m'mbali mwa msewu. Ndi chipilala cha chitsulo chosachita dzimbiri, ngati migolo yosanjikizana, chobooledwa m'mapatani a nyenyezi, kamwezi pamwamba, ndipo usiku chimayaka kuchokera m'kati. Mulibe masitepe oti muadhini, woitanira anthu ku swala, akwere. Ntchito yake ndi kuoneka basi. Ena anati chitsulo chonyezimira sichigwirizana ndi njerwa zakale. Kwa ine kusiyanako ndi kwabwino, chifukwa sichinamizira kuti chinalipo kale. Afalansa anasiya wotchi yawo pa khoma, ndipo Abengali, atakhala zaka zonsezo osakhudza kunja, anaika chawo pambali.

Lachisanu masana msewuwo umasintha. Akuluakulu a ndevu zofiira ndi hina, atavala mikanjo ndi majekete ochindikala pamwamba, amatsika pang'onopang'ono kuchokera m'nyumba za khonsolo. Anyamata a masuti amathamanga kuchokera ku maofesi a mabanki, omwe nyumba zake zagalasi zikuonekera kumapeto kwa msewu, foni ili m'manja. Ophika m'malesitilanti amatuluka fungo la anyezi wokazinga likadali m'malaya. Zikwangwani za misewu zili m'Chingerezi ndi m'Chibengali, ndipo wodi yonseyo dzina lake ndi Spitalfields and Banglatown. Kalembera wa 2021 anapeza kuti m'boma la Tower Hamlets, momwe muli Brick Lane, anthu oposa 34 pa 100 alionse ndi a mtundu wa Bangladesh, ndipo pafupifupi 40 pa 100 ndi Asilamu. Kumtunda kwa msewu kukadali mashopu awiri ophika timikate tobooka pakati ta Ayuda, ndipo mizere ya ogula siitha usana ndi usiku.

Komabe zomwe zinachotsa Afalansa ndi Ayuda zayambanso, ngakhale kuti ulendo uno kupeza bwino si chifukwa chokhacho. Nyumba za owomba silika mu Fournier Street, zomwe m'ma 1970 zinali mabwinja odontha, lero zimagulidwa mamiliyoni a mapaundi. Lendi ya mashopu yakwera. Kafukufuku wa bungwe la Runnymede Trust mu 2020 anapeza kuti malesitilanti a Abengali pa Brick Lane anatsika kuchoka pa 60 m'zaka za m'ma 2000 kufika pa 23. Mu 2021 khonsolo inavomereza mapulani omanga maofesi ndi mashopu pa malo a fakitale yakale ya mowa ya Truman, kufupi ndi mzikiti, ngakhale kuti makalata okana anaposa 7,000. Mabanja achinyamata amene anabadwira m'misewu imeneyi akusamukira ku Newham, ku Redbridge ndi ku Barking, komwe nyumba ya zipinda zitatu ikadafikirika, ndipo kumeneko akutsegula mizikiti yawo m'mashopu ndi m'maholo akale. Ena mwa iwo Lachisanu amakwera sitima ya pansi pa nthaka n'kutsikira pa Aldgate East kapena pa Whitechapel, kudzaswali pomwe bambo awo anaswali, kenaka n'kubwerera.